Mnyanga wa Pansi ndi Khoka la Pagombe



Nthano yakale ya Achewa imati munthu ndi nyama anatsika pamodzi. Pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama, mvula yoyamba itagwa, mwamuna ndi mkazi anaponda pathanthwe lidakali lofewa, nyama zonse n'kuponda pambali pawo, Chauta ali pakati. Panalibe wothawa mnzake. Mtendere umenewo unatha tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri natulutsa moto. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi zinathawira kwa munthu, koma njovu, mkango ndi zinzake zinalowa m'thengo ndi mkwiyo umene sunazirale mpaka lero. Akuluakulu amene anasunga nthanoyi anaika mlandu pa mwini moto, ndiye munthu. N'chifukwa chake zilombo zikatuluka kudambwe, Kasiyamaliro ndi Njovu n'kufika pabwalo, mudzi ndi thengo zimakhala zakumananso kwa kanthawi, monga zinalili pachiyambi. Bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2006 linalemekezanso zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, mmene zithunzi za zilombo zomwezo zikuonekabe pamiyala. Mtundu wa anthu umene chikhalidwe chake chatsamira pa nyama motere uli ndi mbali yaikulu pa malamulo amene boma linaika poteteza nyama zakutchire, nsomba ndi malo amene zimaswanirana.

Boma lisanabwere ndi mapepala ake, nyama zinali kale ndi lamulo. Uzimba unkayembekeza chilimwe, mbewu zitalowa m'nkhokwe, ndipo mwini dziko ndiye ankaloleza kutentha tchire. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unkapita kwa mfumu ya deralo, pakuti nthaka imene yaulandira ndi yake. Chikopa cha nyalugwe kapena cha mkango sichinkagona m'nyumba ya munthu wamba. Wotola ngaka ankainyamula kupita nayo kwa mfumu. Kumanda nkhwangwa siinkalowa popanda chilolezo, ndipo ngakhale lero woyenda pamsewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Dedza kapena ku Mchinji akaona kankhalango kobiriwira pakati pa minda yoyera mbee, amadziwa kuti pamenepo pagona anthu. Ku Nsanje, nkhalango ya Khuluvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, yaima mpaka pano chifukwa cha mantha ndi ulemu womwewo.

Koma chilungamo chinenedwe. Mnyanga wopita kwa mfumu sunkapulumutsa njovu imene yagwayo. Minyanga inali chuma chomangira maufumu. Inkapita kwa Apwitikizi ku Tete, ndipo m'zaka za m'ma 1800 inkapitanso kwa Jumbe ku Nkhotakota, kukasinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mfuti zija zinkabwerera kutchire kukagwetsa njovu zina. Mwambo unali ndi mphamvu yoletsa munthu wa m'mudzi, koma msika wa kutsidya kwa nyanja utayamba kuitana, eni mwambowo ena anakopeka nawo. David Livingstone podutsa pa Shire mu 1859 anaona njovu pafupifupi 800 m'dambo limene Azungu analitcha Elephant Marsh. Dzina lilipobe, njovu mulibe.

Dambo lomwelo, pamodzi ndi dera la nyanja ya Chilwa, ndi limene boma la atsamunda linayamba kulengeza mu 1897 kuti ndi malo osungirako nyama. Malamulo amene anatsatira anasiya chilonda. Mzungu wokhala ndi mfuti ndi chiphaso chogula ankatchedwa mlenje, pamene mwini mudzi wosaka ndi agalu, ukonde ndi mkondo, monga ankachitira agogo ake, anasanduka wakuba. Mu 1922 anthu a kumadzulo kwa Kasungu anasamutsidwa pa chifukwa cha matenda a kaodzera amene amafalitsidwa ndi kashembe. Malo awo anasanduka nkhalango yotetezedwa, mu 1930 anakhala malo osungirako nyama, ndipo mu 1970 anakhala paki. Mabwinja ndi manda a makolo awo anatsalira mkati. Munthu akamadabwa kuti n'chifukwa chiyani anthu ena a m'mphepete mwa mapaki amati nyama ndi za boma, ngati kuti iwo sizikuwakhudza, ayambire pamenepa. Mawu amenewo ndi cholowa cha kusamutsidwa.

Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi National Parks and Wildlife Act la 1992, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi mu 2017. Kukonza kwa 2004 kunalimbikitsa kuti midzi yozungulira mapaki izitenga mbali pa kasamalidwe kake ndi kupindulako. Kukonza kwa 2017 kunabwera ndi mano, ndipo chimene chinawanola ndi manyazi. Mu 2013 kunagwidwa galimoto itanyamula minyanga ya njovu 781, yolemera matani 2.6, yochokera ku Tanzania. Anthu amene anapezeka olakwa analipira chindapusa chabe nabwerera kwawo. Minyangayo inatenthedwa ku Mzuzu mu Malichi 2016, koma mbiri inali itamveka kale kuti Malawi ndi njira yosavuta kwa ozembetsa. Kuyambira 2017, munthu wopha, wogulitsa, wogula kapena wongosunga popanda chilolezo nyama za m'gulu lotetezedwa koposa, monga njovu, chipembere, mkango, nyalugwe ndi ngaka, kapena chiwalo chilichonse cha nyamazi, akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka 30, popanda mwayi wolipira chindapusa. Mu 2021 khoti la ku Lilongwe linagamula mkulu wa gulu lina lozembetsa nyanga za chipembere, nzika ya ku China, kuti akakhale kundende zaka 14. Zimenezo zinali zosamveka m'mbuyomo.

Zipatso zake zilipo. Ku Majete, pofika 1992 kunalibe njovu ngakhale imodzi. Boma litagwirizana ndi bungwe la African Parks mu 2003, zipembere, njovu ndi mikango zinabwezedwamo, ndipo zinaswana mpaka Majete ndi Liwonde anatha kupereka njovu 520 m'zaka za 2016 ndi 2017, zambiri mwa izo n'kupita ku Nkhotakota. Komabe wonena za zipatso anenenso za minga. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo m'miyezi yotsatira midzi ya m'malire, ku Malawi kuno ndi kutsidya ku Zambia, inalira maliro ndi kutaya mbewu m'minda ndi m'nkhokwe. Olirawo ndi abale a anthu amene akhala pabwalo lino. Mlimi amene wagona panja mwezi wathunthu akuomba zitini kuti chimanga chake chione m'mawa sangauzidwe za kukongola kwa njovu. Lamulo limene lili ndi zaka 30 za wopha njovu liyenera kukhalanso ndi yankho lomveka kwa mayi amene njovu yamuphera mwamuna, ndipo mafumu ali ndi udindo wonena zimenezi poyera, mopanda mantha, nthawi iliyonse akakumana ndi a boma.

Za kumtunda zimamveka msanga chifukwa njovu ndi yaikulu. Za m'madzi zimatha mwakachetechete, ndipo zimakhudza mbale ya aliyense. Chambo chili ndi khalidwe lake. Nthawi yoswana ikafika, champhongo chimakumba chisa pamchenga m'madzi osaya. Chachikazi chimaikira mazira pamenepo, kenaka n'kuwatola ndi kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa, ndipo ana akatuluka chimapita nawo kumabango ndi kuudzu wa m'mphepete, kumene kasawala amabisala mpaka atakula. Khoka likakokedwa pagombe m'nyengo imeneyo limasalaza zisa, limazula udzu, ndipo nsomba imodzi yogwidwa imafa ndi mbumba yake yonse m'kamwa. Neti ya udzudzu, imene inaperekedwa kuti iteteze mwana ku malungo, ikalowa m'madzi imakokolola ndi kasawala yemwe.

Nyanja ya Malombe inaonetsa mathero a zimenezi. Mu 1982 asodzi a kumeneko anagwira chambo choposa matani 8,000. Patapita zaka 10, sichinafikenso ngakhale matani 1,000. Makoka ndi nkacha za maso ang'onoang'ono zinali zitasesa pansi pa nyanjayo ngati pabwalo la chinamwali. Ntchila, imene m'zaka za m'ma 1950 inali m'gulu la nsomba zodalirika za m'nyanja ya Malawi, ana ambiri a lero sanaionepo. Mu 2018 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutha padziko, linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu la zimene zili pangozi yoopsa kwambiri.

Lamulo la zausodzi, Fisheries Conservation and Management Act la 1997, pamodzi ndi malamulo ang'onoang'ono otuluka mwa ilo, linayankha mbali zonsezi. Pa nyanja ya Malawi makoka amaletsedwa kwa nyengo yoikika, kuyambira mu Novembala, kuti chambo chiswane. Chambo chosafika masentimita 15 sichiyenera kugwidwa. Maboti aakulu okoka maukonde ndi injini saloledwa kuyandikira kugombe kapena kulowa m'madzi osaya kuposa mamita 18. Katupe ndi mankhwala ena ophera nsomba n'zoletsedwa. Ku Lake Malawi National Park, paki imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndi kulandiridwa ndi UNESCO mu 1984, madzi a mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi zilumba zake ndi nyumba ya mbuna, tinsomba ta mawangamawanga ta m'miyala, ndipo ukonde suloledwamo. Lamulo la 1997 linavomerezanso makomiti a m'magombe, amene anayambira ku Malombe mu 1993, kuti asodzi ndi mafumu awo azipanga malamulo a pamalo pawo ndi kuwayang'anira okha. Papepala palibe chosowa. Koma gombe la nyanja ndi lalitali, maboti a oyang'anira ndi owerengeka, ndipo pamsika uliwonse wa m'tauni munthu amapezabe milu ya kasawala m'miyezi yoletsedwa, ogula akulimbirana.

Anthu a kumtunda asaganize kuti mlandu umenewu ndi wa asodzi okha. Mpasa ndi sanjika zimachoka m'nyanja n'kukwera mitsinje kukaikira mazira pamiyala yoyera, pamene madzi akuyenda. Mtsinje wa Bua umayambira ku Mchinji. Diamphwe ndi Lilongwe imachokera ku Dzalanyama komwe kuja kwa Kaphirintiwa, n'kukathira mu Linthipe. Munthu wootcha makala ku Dzalanyama, ndi wolima dimba mpaka m'mphepete mwenimweni mwa Bua, amatumiza matope amene amakakwirira miyala ija, ngakhale iye sanaonepo bwato chibadwire. Mpasa ikukwerabe Bua makamaka chifukwa chigawo cha kumunsi kwa mtsinjewo chimadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, mmene mitengo ikugwirabe nthaka.

Pali malo amodzi pa nyanja pamene lamulo loletsa usodzi lasungidwa kwa zaka zoposa 60 popanda kudalira boti la boma. Chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, chili m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu umenewu unaika lamulo lakuti mvula ikayamba, mu Disembala, asodzi onse achoke pachilumbapo, ndipo asabwerere mpaka mu Epulo. Kutseka kumachitika ndi mwambo, kutsegula nakonso ndi mwambo, pamaso pa mfumu, akuluakulu ndi anthu onse, mizimu ya makolo itakumbukiridwa. M'miyezi imeneyo utaka umapuma ndi kuswana, asodzi ali kuminda kwawo. Nyengo ikatsegulidwa, pachilumba pamakhala malamulo ake: mowa suloledwa, chamba sichiloledwa, juga siiloledwa, maukonde owononga saloledwa, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi komiti ya mfumu, n'kuthamangitsidwa ngati mlandu wakula. Palinso lamulo loletsa amayi kufika pachilumbapo, limene ambiri lero amalifunsa mafunso, ndipo mafunsowo ali ndi malo ake. Eni mwambo ndi amene adzayankhe. Chimene sichikanika n'chakuti asodzi ochokera m'maboma akutali amathamangira ku Mbenji chaka ndi chaka, pakuti utaka wa kumeneko umapezeka wochuluka ndi wonenepa pamene magombe ena akulira.

Chinsinsi cha Mbenji n'chosabisika. Woika lamulo amakhala pomwepo, amadziwa bwato lililonse ndi mwini wake, ndipo mawa adzakumana ndi wolakwayo pamaliro kapena pamsika. Lamulolo lili ndi tsiku loyambira limene aliyense analiona ndi maso, lili ndi chifukwa chimene msodzi amachimva m'mimba mwake, ndipo limagwira mwana wa mfumu monga limagwirira mlendo. Miyezi yotseka ku Mbenji ndi yochuluka kuposa imene boma limalamula pa nyanja yonse, koma ndi imene imasungidwa. A Dipatimenti ya Zausodzi anazindikira zimenezi, ndipo m'malo molimbana ndi ufumu wa Makanjira amagwira nawo ntchito. Apa ndi pamene lamulo la ku Nyumba ya Malamulo linapeza mwambo utaima kale, n'kutsamirapo. Kumene mfumu imalandira ndowa ya nsomba kuchokera kwa mwini khoka loletsedwa, komiti ya pagombe imasanduka dzina chabe, ndipo ngakhale boma litatumiza asilikali, iwo akachoka khoka limabwerera m'madzi usiku womwewo.

Mphamvu imene ikugwira ntchito ku Mbenji ndi yomweyo imene yasonkhanitsa anthu pano, ndipo wakutsina khutu ndi mnansi: lamulo la 2017 likufika mpaka pabwalo la mwambo. Chikopa cha nyalugwe chimene chili paphewa, khoza la mnyanga limene lili pamkono, mamba a ngaka amene ali m'thumba la sing'anga, zonsezi pamaso pa lamulo ndi ziwalo za nyama zotetezedwa. Lamulo limafuna kuti wosunga zotere akhale ndi chikalata cha umwini chochokera ku Dipatimenti ya Mapaki ndi Nyama Zakutchire. Chikopa chimene chinasiyidwa ndi agogo, chimene chadutsa m'manja mwa mafumu atatu kapena anayi, ndi mbiri ya banja ndi ya mudzi, ndipo n'chanzeru kuti eni ake akakambirane ndi dipatimentiyo chisanawabweretsere mlandu. Koma chikopa chatsopano, chogulidwa kwa munthu wobwera madzulo ndi chikwama, chili ndi nyalugwe amene wafa chaka chomwecho m'msampha wa waya ku Kasungu, ku Nkhotakota kapena ku Luangwa. Kale chikopa chotere chinali cha mfumu yokha, ndipo kuchepa kwa ovala ndi kumene kunkasunga nyalugwe. Lero miyambo yachuluka, ovina achuluka, aliyense wokhala ndi ndalama akufuna kuoneka ngati mfumu, pamene anyalugwe akuchepa.

Ena anakumana nalo kale vutoli. Ku Zambia, pa mwambo wa Kuomboka, amuna opalasa bwato la Litunga lotchedwa Nalikwanda amavala zikopa za nyalugwe ndi za nyama zina zamawanga. Mu 2019 ufumu wa Alozi unagwirizana ndi bungwe la Panthera kuti opalasawo azivala zikopa zopangidwa ndi nsalu, zofanana ndi zenizeni moti woonera pagombe sangasiyanitse. Pempho linachokera kubwalo la ufumu lenilenilo, ndipo n'chifukwa chake linamveka. Bwato likuyendabe, ng'oma zikulirabe, ulemu wa Litunga sunachepe. Mpingo wa Shembe ku South Africa unayamba njira yomweyo zaka zingapo m'mbuyo mwake. Nkhani yotere ikanabwera ndi wapolisi, anthu akanabisa zikopa zawo kudenga n'kumazitulutsa usiku. Itanenedwa ndi mwini mwambo, inasanduka mwambo.

Yovuta koposa ndi ya ngaka. Kanyama kameneka kalibe mano, sikathamanga, ndipo kakaopsedwa kamangodzipinda n'kudikira, moti ngakhale mwana akhoza kukatola. Kamabereka mwana mmodzi pa nthawi. Mamba ake, amene amafunidwa ku Asia ndi kwa asing'anga ena kuno, ndi opangidwa ndi zomwe zimapanga chikhadabo cha munthu. Kuyambira 2017 malonda a ngaka pakati pa mayiko ndi oletsedwa kotheratu pansi pa pangano la CITES, ndipo m'makhoti a m'Malawi milandu ya ngaka yachuluka. Ambiri mwa omangidwa ndi anthu a kumudzi amene anauzidwa kuti kanyamako ndi chuma, nakasunga m'thumba masiku angapo akufunafuna wogula, mpaka wogulayo n'kupezeka kuti ndi wapolisi. Banja limataya bambo kwa zaka zambiri chifukwa cha mphekesera ya pamowa.

Njira yakale ya wotola ngaka inkathera pakhomo pa mfumu, ndipo njira imeneyo siinatsekedwe. Chasintha n'chakuti pakhomopo sipothera ulendo. Mfumu imene yalandira ngaka, kapena yamva kuti mwana wa m'mudzi mwake waisunga, itumize mthenga kwa a zanyama zakutchire kapena kupolisi tsiku lomwelo, iyo yomwe n'kuima monga mboni kuti nyamayo yaperekedwa mwaufulu. Changu chikufunika chifukwa ngaka imadya nyerere ndi chiswe zokha, zimene imafukula yokha usiku, ndipo m'thumba kapena m'mgolo siikhala masiku ambiri.